Mbusa wa pa K2000: moyo wa John Chilembwe

Mwezi ukatha, malipiro akangolowa, ambiri a ife timakumana pa mizere ya m'mashopu otumizira ndalama mumsewu wa Al Rigga. Wina wachokera ku shifiti ya usiku, wina wangotsika kumene pa metro, aliyense foni ili m'manja kuona kuti dirham imodzi ikupereka makwacha angati lero. Ndalamazo zikafika kumudzi, amayi akakatapa, pa K500 ndi pa K2000 pamatuluka nkhope ya munthu mmodzi yemweyo. Ana athu amangowadziwa ngati bambo wa pa ndalama, kapena mwini tchuthi cha pa 15 Januwale. Koma asanakhale zonsezo, a John Chilembwe anali mbusa wa mpingo wa Baptist, munthu wobatiza, wodalitsa maukwati, wopempha chopereka chomangira tchalitchi monga amachitira abusa athu. A komiti atandipempha kuti ndilembe mbiri ya munthu mmodzi m'kabuku ka chikondwererochi, ndinasankha iwowa, ngakhale ndikudziwa kuti mbiri yawo ili ndi magazi ndipo si yonse yokoma kuwerenga pa tsiku la chisangalalo.

Anabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'boma la Chiradzulu. Bambo awo anali Myao, mayi awo Mmang'anja. Nthawi imeneyo boma lomwe tikulidziwa lero kunalibe. Kunali mafumu, kunali nkhondo za Angoni, kunali amalonda a akapolo olowera kunyanja ya mchere, ndipo kunali amishoni. Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa kwathu mpingo unafika boma lisanafike, ndipo ndale zathu zikadali ndi fungo la zimenezi mpaka lero. Mu 1861, David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie anamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame nkukatsegula mishoni ku Magomero. Bishopuyo sanathere pothyola magoli ayi. Anatenga mfuti nkutsogolera nkhondo yolimbana ndi Ayao amene ankawaona kuti ndi ogwira akapolo, ndipo kwawo ku England anthu a mpingo anakangana zedi ngati mtumiki wa Mulungu amayenera kutero. Dzina la Magomero ndi funso limenelo muzisunge, tizipezanso kutsogoloku.

Amishoni a ku Scotland amene anatsegula Blantyre mu 1876 nawonso poyamba anadzisandutsa boma. Ankazenga milandu, kukwapula akuba, mpaka munthu wina anaphedwa pa chigamulo chawo. Nkhani itaphulika ku Britain mu 1880, mpingo unachotsa mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, ndipo m'malo mwake munabwera David Clement Scott, munthu amene ankalemekeza bwalo la milandu la eni dziko, amenenso anayamba kuika anthu akuda pa udikoni. Mipingo yomweyi ya ku Scotland ndi imene inaumiriza boma la Britain kuti lisasiye mapiri a Shire m'manja mwa Apwitikizi, ndipo mu 1891 dziko linalowa pansi pa Britain. Paja amati walira mvula walira matope. Boma la atsamunda linathetsa malonda a akapolo, chimenecho tisakane. Koma linabweranso ndi msonkho wa nyumba, ndi mapepala otsimikiza kuti malo aakuluakulu a ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Chiradzulu tsopano ndi a azungu amene anawagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi tinthu tina tosachedwa kutha.

Mu 1892 kunafika mzungu wosiyana ndi anzake, Joseph Booth, Mngelezi wa Baptist wochokera ku Australia, wopanda chuma, ali ndi kamwana kake kakakazi dzina lake Emily. A Chilembwe, amene anali ataphunzirako pang'ono kuwerenga ndi kulemba, anapita kukapempha ntchito ya m'nyumba. Eee, ngwazi ya pa ndalama yathuyi inayambira kukhitchini: kuphika, kuchapa, kumasulira, ndi kudwazika kamtsikanako malungo akakagwira bambo ake ali pa ulendo. Alongo athu amene mukugwira ntchito m'nyumba za anthu kuno, mfundo iyi ndalembera inu. Booth anawabatiza pa 17 Julayi 1893.

Booth ankawerenga Baibulo m'njira yosowetsa tulo boma ndi amishoni anzake omwe. Kwa iye lamulo loletsa kuba silinkathera pa nkhuku ndi mbuzi, linkakhudzanso mtundu wolanda dziko la mtundu unzake. Antchito ake ku Mitsidi ankawalipira zoposa za m'maesiteti, eni maesiteti nkumamuda. Mu 1897 anasindikiza kabuku kotchedwa Africa for the African, ndipo mu 1899 anakonza chikalata chopita kwa Mfumukazi Victoria chopempha kuti msonkho wa nyumba uzigwira ntchito yophunzitsa eni dziko, komanso kuti pakatha zaka 21 ulamuliro ubwerere kwa iwo. Mkulu wa boma, Alfred Sharpe, anafuna kumugwira, iye nkuthawira mbali ya Apwitikizi. Chimodzi chokha tisaiwale: Booth ankadana ndi nkhondo ya mtundu wina uliwonse. Apa ndi pomwe mwana wasukulu anadzasiyana njira ndi mphunzitsi wake.

Mu 1897 awiriwo anakwera sitima kupita ku America. Kumeneko anasiyana mwamtendere, a Chilembwe nkutengedwa ndi National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda, umene unawalowetsa sukulu ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Mnyamata wa ku Chiradzulu m'dziko la eni, wopanda m'bale, wopanda nsima. Ife kuno sitikufunika kufotokozeredwa. Ukapolo unali utatha mu 1865, koma chaka chimodzi chokha iwo asanafike, khoti lalikulu la America linali litavomereza kuti kupatula akuda ndi azungu m'sitima za pamtunda nkololedwa. Anthu akuda ankapachikidwa m'mitengo popanda kuzengedwa mlandu. Malo amene munthu wakuda ankatha kusankha mtsogoleri wake, kusunga thumba lake la ndalama, kulemba malamulo ake oyendetsera zinthu ndi kuyankhula zakukhosi, kwenikweni anali tchalitchi basi. M'matchalitchi amenewo nkhani ya Eksodo sinali nthano ya Sande sukulu. Farao ankamudziwa nkhope. Nthawi imeneyo kunkamveka dzina la Booker T. Washington, amene ankaphunzitsa kuti munthu wakuda adzakwera ndi sukulu, luso la manja ndi kusunga ndalama. Kunkamvekanso dzina la John Brown, mzungu wopemphera amene mu 1859 anathyola nkhokwe ya zida ku Harpers Ferry kuti akapolo aukire, nkunyongedwa. Zaka 14 za utumiki wawo a Chilembwe anayenda njira ya Washington. Masabata awiri omaliza anayenda njira ya Brown.

Anabwerera kwawo mu 1900 atadzozedwa ubusa, nagula maekala 93 ku Mbombwe, nkutsegula Providence Industrial Mission, yomwe tonse timangoti PIM. Aku America anatumiza akuda anzathu awiri odzathandiza, Mbusa Landon Cheek ndi Mayi Emma DeLany, amene anakhala mpaka 1906. Ntchito inali ya sukulu, ya kumunda kwa khofi ndi thonje, ya kuumba njerwa. Mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Mowa unali woletsedwa, ukhondo unali lamulo. Pofika 1912 m'masukulu a PIM munali ana pafupifupi 1,000, osawerengera akuluakulu, ndipo mu 1913 anamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinkaonekera kutali. Mu 1909 anathandiza kuyambitsa Natives' Industrial Union, bungwe la anthu akuda a mabizinesi ndi minda. Kwa zaka zambiri boma silinkawaona ngati munthu woopsa.

Chimene chinkawawa azungu ena chinali suti. Mukaona zithunzi za nthawiyo, anthu a PIM avala majekete, makolala, nsapato, amayi madiresi aatali, abambo zipewa kumutu. Lero tingaseke, tingati ankatsanzira azungu. Koma masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu pa njira ankayenera kuvula chipewa, ndipo wochedwa kuvula ankakalipiridwa, mwinanso kulawa chikoti. Ndiye chipewa chinali ulaliki pachokha. Ngati buku la Genesis likunena zoona kuti munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, nanga chifaniziro chimodzi chizinjenjemera bwanji pamaso pa chifaniziro chinzake? Malamulo ambiri a za ufulu wa anthu amene maiko akunyadira lero ali ndi muzu wina m'funso limeneli, ndipo anthu a ku Mbombwe ankaliyankha ndi mutu wovala chipewa.

Tsopano tibwerere ku Magomero kuja. Malo amene bishopu anasonkhanitsapo akapolo omasulidwa anali atasanduka esiteti yaikulu ya thonje ndi fodya, A. L. Bruce Estates, yoyandikana ndi PIM. Woiyendetsa anali Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu weniweni wa David Livingstone, ndipo manijala wa pa Magomero anali William Jervis Livingstone, amene anthu ankangomuti Listonia. Ambiri okhala pa esitetiyo anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, anthu opanda mfumu yowayankhulira, opanda kwina kopita. Lendi yawo sinali ndalama koma thangata. Mawu okomawa, amene kumudzi amatanthauza kuthandizana kulima kapena kufolera nyumba, anapotozedwa nkukhala dzina la ntchito yokakamiza. Pa pepala unali mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho. Koma wowerenga masiku pa tikiti anali bwana yemweyo, ndiye mwezi unkatalika ngati mpira, ndipo unkagwa nthawi ya dzinja pomwe munthu amayenera kukhala m'munda mwake. Malipiro ankachedwa, nthawi zina ankabwera ngati fodya m'malo mwa ndalama. Eni esiteti sankafuna sukulu kapena tchalitchi pa malo awo, ndipo nyumba zopemphereramo zaudzu zimene Akhristu a PIM ankamanga zinkatenthedwa.

Dziyikeni pa guwa la ku Mbombwe Lamulungu m'mawa. Anthu amene akhala patsogolo panu ali ndi mikwingwirima kumsana. Inu mwatsegula Buku. Mu 1 Mafumu 21 muli mfumu Ahabu yolanda munda wa Naboti pogwiritsa ntchito bwalo la milandu ndi mboni zonama, ndipo Mulungu akutuma Eliya kukakumana nayo m'munda momwemo. Mu Deuteronomo 24 muli lamulo loti waganyu wosauka, kaya ndi m'bale kaya ndi mlendo, alandire zake dzuwa lisanalowe. Mu Yakobo 5 malipiro obedwa a okolola akulira okha mpaka kumwamba. Ichi ndi chimene Ayuda anapatsa dziko lapansi ndipo Akhristu anachinyamula: mfumu nayonso ili pansi pa lamulo, ndipo mneneri wopanda asilikali akhoza kuiloza chala. Koma mukatsegula patsogolo pang'ono mupeza Aroma 13, yoti maulamuliro alipowa anaikidwa ndi Mulungu ndipo tiziwamvera. Mupezanso Ambuye ku Getsemane akuuza Petro abweze lupanga. Zonsezi zili m'Buku limodzi. Bwanamkubwa ku Zomba ankalumbira pa Buku lomwelo, ndipo mbusa wa ku Mbombwe ankalalikira kuchokera m'Buku lomwelo.

Nanga bwanji sanadzere njira ya malamulo? Anayesa, koma zitseko zinali zochepa. Nyumba ya malamulo imene inakhazikitsidwa mu 1907 inalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Amene ankayankhulira eni dziko anali mmishoni wachizungu, poyamba Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, kenako Robert Laws wa ku Livingstonia, ndipo munthu wakuda woyamba anadzalowamo mu 1949. Dandaulo la mlimi wa pa esiteti linkakathera pa desiki la bwanamkubwa wa boma laling'ono, amene madzulo ankamwa tiyi ndi mwini esiteti yemweyo. Mu 1912 ndi 1913 kunagwa njala, msonkho nkukweranso. A Chilembwe eni ake anali atatopa. Mphumu inkawavuta, maso anayamba kuchita chidima, ngongole za tchalitchi zinkawatsata, ndipo mwana wawo wamkazi anamwalira. Kwinaku chiphunzitso cha Elliot Kamwana, amene anabatiza anthu masauzande ku Nkhata Bay boma lisanamuchotse mu 1909, chinali chitafala kuti maufumu a dziko lino atha mu 1914.

Ndiye 1914 inafikadi ndi nkhondo ya azungu. Mu Sepitembala asilikali a Britain ndi a Germany anamenyana ku Karonga, ndipo ambiri mwa amene anagona pansi mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Boma linayamba kusonkhanitsa amtengatenga onyamula katundu wa nkhondo. Mu Novembala a Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anakumbutsa boma kuti anyamata a dziko lino anafera kale mfumu ya Britain ku Gold Coast ndi ku Somaliland, koma mtendere ukabwera zonse zabwino zimakhala za azungu okha. Anati nkhondoyi akamenye olemera, a mabanki ndi eni malo, osati amphawi amene akafa amangosiya amasiye ndi ana opanda chowathandiza. Anatsiriza ndi chiyembekezo choti tsiku lina boma lidzazindikira munthu wakuda, chilungamo nkuoneka. Werengani bwino pamenepa: munthuyu ankapemphabe boma, ankalembabe kalata, anasainanso dzina lake. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe, nkuyamba kukonza zoti amuchotse m'dziko.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 magulu anatuluka ku Mbombwe. Gulu lina linapita ku Magomero, komwe William Jervis Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake nkudulidwa mutu, mkazi wake ndi ana ali pomwepo. Azungu ena awiri a pa esiteti, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, anaphedwanso, pamodzi ndi wantchito mmodzi wakuda. Amayi ndi ana achizungu sanapwetekedwe, malinga ndi lamulo la a Chilembwe. Anawatenga nkudzawamasula ali bwinobwino. Gulu lina linadula mawaya a telefoni nkupita ku Blantyre kukathyola nkhokwe ya zida ya Mandala, koma alonda anakuwa, nkungotengako mfuti zowerengeka. Ku Ntcheu gulu la Filipo Chinyama linabalalika lisanachite kanthu, ndipo mafumu ambiri sanadzuke nawo. M'mawa mwake, Lamulungu, a Chilembwe anachititsa mapemphero ku Mbombwe mutu wa Listonia uli pa mtengo anthu akuona. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ku Nguludi inatenthedwa, wansembe mmodzi nkuvulazidwa koopsa. Asilikali a boma atalowa ku Mbombwe anapeza anthu atathawa. Pa 3 Febuluwale a Chilembwe anawomberedwa ndi apolisi akuda anzawo m'dera la Mulanje, akulowera ku malire a Mozambique.

Ndinene maganizo anga, abusa andikonza ngati ndalakwa. Mlandu umene a Chilembwe ankaimba boma unali woona, ndipo boma lenilenilo linadzavomereza mbali ina ya mlanduwo. Koma mutu wa munthu pa malo opemphererapo, ine sindingaupezere vesi. Listonia anali wankhanza, komabe anali chifaniziro cha Mulungu yemweyo amene anthu a PIM ankavalira chipewa. Ndipo aku Nguludi analakwanji? Tikamaphunzitsa ana athu mbiriyi tisamadumphe tsamba limeneli, monganso Baibulo silidumpha za Mose ndi Mwigupto uja anamufotsera mumchenga. George Mwase, amene analemba nkhaniyi cha m'ma 1930 atamva kwa mkaidi wina amene anali nawo m'gululo, anafotokoza kuti mbusayo ankadziwa kuti sapambana, ankangofuna kuti magazi awo ayankhule pomwe kalata inalephera. Olemba mbiri ena amaona kuti panali pulani yeniyeni yolanda boma, popeza anatumiza ndi mthenga yemwe kwa Ajeremani. Mulimonsemo, amene analipira kwambiri anali anthu wamba a ku Chiradzulu.

Kubwezera kwa boma kunaposa mlandu. Anthu oposa 30 anaphedwa pa zigamulo za makhoti achangu, pafupifupi 300 anatsekeredwa, ena anangowomberedwa m'tchire popanda wowafunsa dzina. Midzi inatenthedwa, anthu analipitsidwa chindapusa, ndipo tchalitchi chanjerwa chija anachiphulitsa ndi mabomba. Mmodzi mwa ophedwawo anali John Gray Kufa, mmodzi wa madikoni oyamba a David Clement Scott, munthu wa zachipatala amene a Blantyre ankamunyadira. Zimenezi zinapatsa mpata azungu a m'maesiteti kunena kuti vuto ndi sukulu za mishoni ndi Baibulo losiyidwa m'manja mwa munthu wakuda popanda mzungu womuyang'anira. Kunena zoona, pamenepo sananame kwenikweni. Pa komishoni yofufuza imene inatulutsa lipoti lake mu 1916, Hetherwick anaima nji kuteteza sukuluzo, nafunsa chifukwa chake mzungu sabweza ulemu munthu wakuda akamuvulira chipewa. Abusa oyamba akuda a Blantyre, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anapereka umboni wa zimene anthu ankakumana nazo. Iwo sananyamule mkondo, koma madandaulo awo anali omwewo. Komishoniyo inavomereza kuti pa esiteti ya Bruce anthu ankazunzidwa. Mu 1917 boma linakhazikitsa lamulo loti lendi izikhala ndalama osati ntchito, koma eni maesiteti analifooketsa poopseza kuthamangitsa anthu, ndipo thangata anakhalabe mpaka 1962.

PIM inakhala yotseka zaka 11. Amene anaitsegulanso mu 1926 anali Dr Daniel Malekebu, mwana wasukulu wa Mayi DeLany amene anawatsatira ku America nkukaphunzira udokotala. Pomwepo nkuti ana a mishoni atayamba kale njira ina. Levi Mumba ndi anzake anali atayambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo mabungwe otere, odzaza ndi aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi akulu a mpingo, ndi amene anabala Nyasaland African Congress mu 1944. Kulemba maminitsi, kusankha wapampando, kuvota pokweza dzanja, kusunga buku la msungichuma, anthuwa anaziphunzira ku seshoni ndi ku presbitale asanaziwone ku Zomba.

Funso la Aroma 13 linabweranso ife tikuona, wolamulira ali wakuda mnzathu, mkulu wa mpingo kumene. Kwa zaka pafupifupi 30 maguwa ambiri ankapempherera Ngwazi nkukhala chete pa za ku Mikuyu. Lamulungu pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, yonena za malipiro ochepa, kumanga anthu popanda mlandu ndi mantha oyankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, makina osindikizira a ku Balaka anatenthedwa, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma ulendo uno kalata sinafe. Masinodi a Blantyre ndi Livingstonia, Anglican, Asilamu, maloya ndi a zamalonda anagwirizana mu Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anavotera zipani zambiri. Chimene kalata ya 1914 inasowa, ya 1992 inali nacho: mipingo yambiri kumbuyo kwake, ndi maiko akunja akuyang'ana. Malamulo aakulu a dziko amene anatsatira ali ndi gawo 33 loteteza ufulu wa chipembedzo, ndi gawo 27 loletsa ukapolo, ntchito yokakamiza, ndi ntchito yomangirira munthu mofanana ndi ukapolo. Ndikawerenga gawo 27 ndimamva Magomero. Ndipo taonani kuchedwa kwake: lamulo lothetsa utenanti m'minda ya fodya ladzabwera mu 2021.

Ife tikukondwerera chaka chino tili m'dziko limene malamulo ake mizu yake ili m'Chisilamu, ndipo ndife alendo. Mlendo ndi mame. Matchalitchi a ku Oud Metha ndi ku Jebel Ali ali pa malo operekedwa ndi olamulira a Dubai. Cha St Mary's chinatsegulidwa mu 1967 pa malo amene anapereka Sheikh Rashid bin Saeed Al Maktoum. Ngakhale tsiku lathu lopemphera linasuntha ndi lamulo la boma: ambiri tinazolowera kupemphera Lachisanu, mpaka mu Januwale 2022 pomwe masiku opuma anakhala Loweruka ndi Lamulungu. Zionetsero kuno nzoletsedwa, kukopa Msilamu kuti asiye chipembedzo chake nkoletsedwa, ndipo Mkhristu wa kuno chaputala chake ndi Yeremiya 29, chofunira zabwino mzinda umene akukhalamo. Koma nkhani ya waganyu ya mu Deuteronomo ija siinathe ntchito. Tonse tikudziwa m'bale wina amene wakhala miyezi osalandira, kapena mlongo amene pasipoti yake ili m'kabati ya abwana. Malamulo a dziko lino salola bwana kusunga pasipoti ya wantchito, malipiro a m'makampani amayenera kudzera m'njira imene boma limaiona kuyambira 2009, ndipo unduna wa zantchito umalandira madandaulo. Chitseko chimene anthu a ku Magomero analibe, kuno chilipo, ngakhale ena amaopa kugogoda okha ndipo amafunika wowaperekeza.

Ndi boma la Bakili Muluzi, pulezidenti wachisilamu, limene linaika tchuthi cha pa 15 Januwale ndi kuika nkhope ya mbusa wa Baptist pa ndalama zathu kuyambira 1997. Mu Sepitembala 2022, pa bwalo la Trafalgar Square ku London, anaimika chiboliboli chosula Samson Kambalu, mwana wa kwathu, chotengera chithunzi cha 1914. A Chilembwe aima pamodzi ndi mnzawo, mmishoni John Chorley, onse awiri zipewa zili kumutu, koma a Chilembwe ndi aatali kuposa mzunguyo pafupifupi kawiri. Ku Mbombwe, pafupi ndi tchalitchi chimene anamanga a Malekebu, zibuma za tchalitchi chophulitsidwa chija zikadalipo, ndipo chaka ndi chaka akuluakulu a boma amapita kumeneko ndi nkhata za maluwa. Manda okha palibe. Boma la atsamunda linakwirira thupi lawo mwachinsinsi ku Mulanje popanda chizindikiro, ndipo kwa zaka zambiri agogo a ku Chiradzulu ankauza adzukulu awo kuti Abusa sanafe, adzabweranso.